Mbale ya Lavonne

Corinne anayamba kundipempha mbale ya galamafoni ija ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ine ndinamukaniza mpaka mutu wake unachita imvi. Ndikudzinenera ndekha kuti pasadzapezeke wondinenera ndikapita. Ndine Ardith Hoekstra, ndili ndi zaka 83, ndipo Corinne ndi mwana wa mkulu wanga Lavonne, amene anamwalira mwanayo asanayambe n'kukwawa komwe.

Ana a masiku ano akamva za nyimbo zathu za kumidzi, zoimba ndi gitala ndi vayolini, amangoganiza za ku Nashville, mzinda wotchuka ndi nyimbozo, ngati kuti ife a ku Iowa tinkaweta nkhumba tili duu. Bodza limenelo. M'zaka zimenezo katauni kalikonse kokhala ndi mlongoti wa wailesi kanali ndi oimba ake. Nthawi ya nkhomaliro, amuna akabwera ku munda n'kusamba m'manja pa mpope, wailesi inkayamba ndi mitengo ya nkhumba ndi chimanga, kenaka zanyengo, kenaka mphindi khumi ndi zisanu za nyimbo. Pa wailesi ya kwathu ku Orland mphindi zimenezo zinali zathu, ana aakazi a Brandvold, kuyambira mu 1953. Ankatilipirira ndi mwini sitolo ya zakudya za nkhuku, ndipo pakati pa nyimbo tinkayenera kutamanda zakudya zakezo ngati kuti tinazilawapo.

Palibe chimene chinkajambulidwa. Nyimbo inkatuluka pakamwa, n'kukwera mlongoti, n'kukagwera m'makhitchini a anthu, basi yatha. Ukalakwitsa, alimi a maboma atatu akumva. Ukaimba bwino, mawa lake palibenso umboni.

Lavonne ndiye ankatsogolera. Ndiye anali wokongola, ndiye ankagwira gitala, ndiyenso ankapeka nyimbo, nthawi zambiri tikutsuka mazira okagulitsa. Ine ntchito yanga inali mawu apansi, aja amayenda m'munsi mwa nyimbo osaonekera.

"Ardie iwe, ukaipa dziwa nyimbo," ankandinena choncho. "Nkhopeyo tinalephera kale, ndiye tiyeni tikonze mawuwo."

"Undisiye uone ngati udzaimba ndi nkhuku," ndinkamuyankha.

Vuto langa poyamba linali lakuti ndinkakokeka. Tikayamba bwinobwino, pofika pakati ndasiya njira yanga, ndikutsatira yake. Iye ankandiponda phazi pansi pa maikolofoni.

"Usandimvere! Tseka makutu, gwira njira yako. Ukamandimvera ukundikwera pamsana."

Ndinamvera. Zinanditengera zaka ziwiri, koma ndinaphunzira kumumva ngati mmene umamvera mvula padenga: ukudziwa kuti ilipo, koma suitsatira. Kuchokera apo sindinasocherenso, ndipo makalata otiyamikira ankabwera odzaza thumba.

Mu Okutobala 1957 mwini wailesi anatiitana tonse, ife, mdala wa vayolini ndi anyamata a magitala, n'kutiuza kuti basi. Anali atayamba kugula mbale za oimba akutali. Mbale sidwala chimfine, sichedwa, sitenga pakati. Tsiku lotsiriza, Bambo Skaar, amene ankayang'anira makina, anatimvera chisoni. Anali ndi makina odulira mbale za malonda, ndipo anati atidulira imodzi yachikumbutso.

Corinne anali ndi miyezi inayi, ali m'dengu pansi pa tebulo chifukwa panalibe womusiyira. Bambo Skaar atangokweza dzanja kuti yambani, mwana anayamba kulira. Lavonne anawerama n'kunena kuti, "Tonthola Corinne, amako ali pantchito," kenaka anaseka, n'kukhudza gitala. Zonsezo zinalowa m'mbale: kulira, mawuwo, kuseka, ndi nyimbo imodzi imene anapeka yekha.

Potipatsa, Bambo Skaar anaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala.

"Atsikana, ino si mbale ya m'sitolo ayi. Ndi chitsulo chongopakidwa phula lofewa pamwamba. Singano ikadutsa kamodzi, yadyako. Mukailiza maulendo makumi atatu, mudzangomva phokoso la mafuta m'chiwaya."

Tinailiza kawiri: tsiku lomwelo kwa makolo athu, ndi pa Khirisimasi. Mu Febuluwale Lavonne ananyamuka m'mawa kukasiya mazira m'tauni. Madzi anali ataundana pamsewu ndi chisanu, galimoto inakana kuima podutsa njanji, ndipo sitima ya katundu inali ikubwera. Anali ndi zaka 24.

Mwamuna wake Royce sanathe chaka asanakwatirenso. Sindimuweruza, ngakhale ndinamuweruza kwambiri nthawi imeneyo. Asanasamukire ku Omaha ndi mwana, anabwera ndi katoni.

"Tenga izi, Ardith. Mkazi wanga safuna kumaziona m'nyumba."

Munali madiresi awiri oimbira, zithunzi, ndi mbale. Ndinaikulunga m'nsalu ya pilo, n'kuiika m'kabati ya kuchipinda kwathu. Ikanangokhala mmenemo!

Chilimwe cha 1959 kamvulumvulu anadutsa pa famu ya a Vanderpol, mtunda wa mamailosi awiri kuchokera pathu. Anthu anapulumuka chifukwa anathawira m'phanga lokumba pansi. Atatuluka anapeza masitepe a pakhonde okha, nyumba palibe. Chithunzi chawo chaukwati chinakatoledwa m'munda wa munthu wina kuboma lachitatu. Ine ndinaona Mayi Vanderpol akufukula zinyalala ndi manja, kufunafuna nsapato ya mwana wawo amene anamwalira kalekale, osaipeza. Madzulo ake ndinauza mwamuna wanga Delmer kuti andikhomere shelefu yatsopano m'phanga.

Famu iliyonse kuno ili nalo phanga. Lathu lili kuseri kwa khitchini: chitseko chopendekera, masitepe asanu ndi anayi, pansi pake mashelefu a mabotolo a tomato, nyemba ndi nkhaka, ndi mbatata pakona. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti chimene sungapirire kuchitaya chimakhala m'phanga. Mapepala a malo anali mmenemo, kalata yaukwati mmenemo. Ndinagula bokosi lachitsulo, n'kuikamo mbale, n'kutseka. Ndinagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba chimwalirire Lavonne, ndikudziona wanzeru kuposa akazi onse a m'dera lathu.

Corinne ankabwera nthawi ya tchuthi chaka chilichonse. Ife sitinabereke, ndiye tinkamudikira ngati mvula. Delmer ndiye anali wa pakamwa, anamuuza.

"Anti Ardie, Ankolo Delmer akuti mawu a amayi ali m'phanga. Ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Akunena chiyani?"

"Akukutchula dzina."

Mwanayo anasiya supuni. "Ndikufuna ndimve."

"Ukadzakula. Panopa ungomva n'kuiwala, tiwononga ulendo umodzi pachabe."

Atafika zaka khumi ndi ziwiri ndinati singano ya galamafoni yathu ndi yakale, ingakande. Delmer anagula singano yatsopano, ndinati ndi yakuthwa kwambiri. Atamaliza sukulu ndinati tidikire tsiku laukwati wake. Pa ukwati ndinati anthu achuluka, wina angagunde tebulo. Atabereka mwana woyamba ndinati msewu wa ku Omaha ndi wa mabampu, mbale singayende. Zifukwa sizinandisowepo, ndinali nazo zambiri kuposa mabotolo a m'phangamo.

Atabwera makaseti, Delmer anapeza munthu ku Des Moines amene ankasamutsa mawu a mbale zakale.

"Tipite nayo Loweruka, Ardie. Ulendo umodzi wokha, mwana akhala ndi kaseti yake."

"Ndipereke mkulu wanga kwa munthu amene sindimudziwa? Akaigwetsa?"

"Mbale si mbewu, mkazi iwe. Siidzamera chifukwa waisunga. Zengerezu analinda kwaukwau."

"Dyani nkhomaliro yanu, a Delmer, mundisiye."

Choona ndi ichi, ndipo ndachidziwa kalekale ngakhale sindinkachinena. Ndinkaopa. Malinga mbale ili chitsekere, Lavonne anali adakali ndi nyimbo makumi awiri mphambu zisanu ndi zitatu zoti aimbe, ndipo munthu amene watsala ndi nyimbo zoimba sanafe kwenikweni. Komanso ndinali ndi nsanje. Royce anatenga mwana, manda anatenga thupi, ine ndinatsala ndi mbale, ndipo sindinkafuna kugawana ndi aliyense, ngakhale mwini wake weniweni. Bokosi lija sindinalitsegule ngakhale kamodzi. Ndinkangolisisita ndikapita kukatenga tomato.

Delmer anamwalira mu 2009. Titabwera kumanda, amayi a mpingo anatikonzera khofi ndi buledi wa nyama ya nkhumba m'chipinda chodyera cha kutchalitchi. Corinne anakhala pafupi nane, n'kundigwira dzanja.

"Anti, lero bwanji? Ankolo ankafuna ndimve."

"Lero ndi maliro, mwanawe. Si tsiku la nyimbo."

Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Ndiye tsiku lake ndi liti? Ndili ndi zidzukulu ine. Si sitima yokha imene inandilanda amayi anga ayi, Anti. Inunso mwandilanda."

Anatuluka, khofi wake osamumaliza. Zaka zisanu ndi zinayi zinadutsa. Pa Khirisimasi ankatumiza khadi yolembedwa dzina lokha, ine ndinkabweza yolembedwa dzina lokha. Tonse ndife a Brandvold, mitu yathu ndi youma.

Chaka chatha ndinagwa pa masitepe a phanga, ndipo adokotala anandiuza kuti pafamu ndekha sindingathenso. Mwezi womwewo inabwera kalata ya Bambo Novotny, wa gulu losunga mbiri ya dera lathu. Ankasonkhanitsa zonse za oimba a pa mawailesi a ku Iowa, kuti akaziike poonetsa anthu. Anapeza mayina athu m'nyuzipepala zakale. Analemba kuti ngati ndili ndi mbale, abwera yekha ndi makina ake kunyumba kwanga, ndi singano yopepuka ngati nthenga, ailiza kamodzi kokha ine ndikuona, mawu n'kulowa m'kompyuta mpaka muyaya. Ndinaiwerenga kalatayo katatu kufunafuna chifukwa chokanira, osachipeza.

Ndinaimba foni.

"Corinne, ndine."

"Ndakumvani, Anti. Kwagwanji? Wamwalira ndani?"

"Palibe. Ubwere Lachiwiri m'mawa. Tiliza mbale."



"Musandiseweretse, Anti. Ndakalamba ine."

"Ukakalamba iwe, ine ndatani, ndaola? Ubwere, ndiphika payi."

Anafika nthawi ya 9 koloko, Epulo ali pakati, minda idakali matope. Anatuluka m'galimoto mayi wa imvi, wovala magalasi, woyenda mosamala mawondo, ndipo ndinazizwa kuti mwana wa Lavonne wakalamba chonchi pamene mayi wake sanaone ngakhale imvi imodzi. Anali atavala diresi yakutchalitchi, tsitsi atakonzetsa. Ndinamvetsa kuti wavalira kukumana ndi amayi ake.

"Mwaonda, Anti."

"Iwe wanditengera zonse. Lowa."

Bambo Novotny anali atafika kale, munthu wadazi, wofatsa, wa zaka ngati makumi asanu. Anali atayala makina ake pa tebulo la m'khitchini, pakati pa payi ya maapozi ndi makapu. Anatiuza za mbale zina zimene anapeza: ya mdala wina wa vayolini wa kumpoto, ina ya banja limene linkaimba pa magule a Loweruka m'makhola a ng'ombe. Zambiri, anati, mawailesi anazitaya kudzala. Pa oimba oposa zana amene anapeza mayina awo, amene mawu awo anatsalako sankakwana khumi.

"Ndiye inu muli ndi mwayi waukulu, Mayi Hoekstra. Ili kuti?"

"M'phanga," ndinayankha monyada. "Chiyambire 1959. Sinakhudzidwepo."

Anali akuvala magolovesi oyera. Anasiya wina ali pakati pa dzanja.

"M'phanga la pansi?"

"Pali phanga la m'mwamba? Kumene kamvulumvulu safika."

Anangoyang'ana Corinne, kenaka pansi, n'kumaliza kuvala golovesi uja. Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu chabe wa anthu ophunzira.

Tinatsika awiri, Corinne patsogolo, ine nditagwira phewa lake. Fungo la m'phanga ndalidziwa moyo wanga wonse, la dothi lonyowa ndi mbatata, ndipo ndinkaliyesa fungo la chitetezo. Tsiku limenelo ndinaona zimene ndinkaziona tsiku lililonse osaziganizira: madontho a madzi pakhoma, nkhungu pa mashelefu, zotsekera mabotolo zofiira ndi dzimbiri. Bokosi linali pamalo pake. Corinne analinyamula ndi manja awiri atalikumbatira pachifuwa.

Chotsekera chinali chitagwirana ndi dzimbiri, mpaka Bambo Novotny anachita kutsegula ndi mpeni wa batala. Nsalu ya pilo ija inali yachikasu, ya madontho akuda. Anaifunyulula pang'onopang'ono, ngodya imodzi, kenaka ina. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati masamba ouma akuphwanyika.

Mbale inali yoyera. Poyamba sindinamvetse, chifukwa ndinaisunga ili yakuda bii. Chimene ndinkaona chinali chitsulo chokha, chonyezimira ngati chiwaya chotsukidwa. Phula lonse linali litasweka, litapindika, litasendeka, lina litamatirira pansalu, lina litasanduka fumbi m'makwinya ake. Pakati pokha, pafupi ndi kabowo, ndi pamene panatsala kampheto kakuda kopyapyala.

"Mungathe kumata?" Ndinamva mawu anga akufunsa.

"Pepani, mayi."

"Muli ndi makompyuta inu. Mumatha zonse."

"Zidutswa zikakhala zazikulu, pali malo amene amazijambula n'kupezamo mawu. Koma izi..." Anakhudza nsalu ndi chala, fumbi lakuda n'kutsalira pa golovesi. "Ndi chinyezi. Chimalowa pakati pa chitsulo ndi phula, phula n'kusiya. Sizinachitike dzulo. Mwina zaka makumi atatu zapitazo, mwina makumi anayi."

Corinne ndiye anafunsa funso limene ine ndinkaliopa. Mawu ake anali osalala.

"Bambo, ikanakhala m'nyumba?"

Munthuyo anayesa kuzemba. Anavula magalasi, n'kuwapukuta.

"Ndiuzeni chabe."

"M'kabati youma, zambiri zimapulumuka. Bwenzi tikumva."

Ndinayang'ana padenga la khitchini yanga. Denga lomwelo, la 1948. Zaka makumi asanu ndi limodzi tinathawira m'phanga maulendo osawerengeka, ndipo kamvulumvulu sanatichotserepo ngakhale lata limodzi.

Bambo Novotny anati kampheto kotsalako ayesa, ngakhale ndi kumapeto kwenikweni kwa mbale. Corinne anakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi makina, manja atapinda pamiyendo ngati mwana wa Sande sukulu. Singano inatsika.

Mafuta m'chiwaya, monga ananenera Bambo Skaar. Kenaka, kutali kwambiri, kulira kwa gitala kukuzilala, nyimbo itatha kale. Kenaka mawu a mtsikana, omveka bwinobwino:

"Tatha?"

Singano inafika pachitsulo n'kukanda. Bambo Novotny anaikweza msanga.

Corinne anatembenukira kwa ine, maso atadzaza misozi.

"Ndi iwowo? Anti, ndi amayi?"

Ndikanatha kunama. Palibe wamoyo amene akanatsutsa. Mulungu akudziwa kuti bodzalo linafika pakamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kulimeza. Koma ndinali nditamunamiza mwanayu zaka zonse zija, ndipo sindinathe kuwonjezera lina.

"Ndine. Ndinkafunsa Bambo Skaar."

Sanalire mofuula, sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero. Anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi kansalu ka patebulo. Bambo Novotny ankapinda mawaya amene sanafunike kupinda. Kunja thirakitala ya mwana wa a Vanderpol inkadutsa mumsewu.

"Ndiye imbani," anatero Corinne. "Munali pomwepo. Ndiimbireni nyimboyo mmene ankaimbira."

Chimwalirire Lavonne sindinaimbepo nyimbo imeneyo, ngakhale mumtima. Ndinkati nayonso ndikuisunga. Koma mawu ake ndinkawadziwa onse. Ndinamwa khofi pang'ono, n'kugwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuyamba.

"Chimanga chacha, chisanu chafika,
sitima ya madzulo yadutsa osaima..."

Ndinaima. Ndinkawerenga mumtima, imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, phazi likugunda pansi. Kenaka ndinalowanso:

"...khofi wazizira, iwe sunafike."

"Mwadumpha," anatero Corinne. "Pakatipo mwangokhala chete."

"Pamenepo ankaimba yekha. Ine ndinkadikira."

"Ankati chiyani?"

"Ankati, ndaika mipando ya anthu awiri."

"Imbani pamenepo."

Ndinatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Ndinayesa kuyambiranso kuchokera poyamba, mwina njira yake ibwera yokha, koma chimene chinkabwera ndi njira yanga yomweyo, ya pansi, yongoyenda pa manoti atatu kapena anayi, yopanda kukwera, yopanda kukoma, imene payokha si nyimbo n'komwe. Ndinafufuza m'mutu monse. Nkhope yake ndinaiona, diresi yake yabuluu, chala chake pa gitala, ngakhale kulemera kwa nsapato yake pa phazi langa. Koma kumene mawu ake ankakwera ndi kutsika kunalibe. Anandiuza kuti nditseke makutu, ndipo ndinatseka bwino kwambiri.

"Sindikuidziwa," ndinatero. "Mbali yake sindikuidziwa, Corinne. Ndimadziwa yanga yokha."

Apo ndiye ndinalira, kulira konyansa kwa nkhalamba, mamina ndi zonse. Corinne sanandigwire. Anadikira mpaka nditatha.

"Mawu aja ananena kwa ine. Anati chiyani? Nenani onse."

"Unkalira m'dengu. Anawerama, anati, tonthola Corinne, amako ali pantchito. Kenaka anaseka."

"Nenani mmene ananenera."

Ndinayesa. Anatuluka mawu a nkhalamba ya mano oikirira, onjenjemera, osasa. Kusekako sindinayese n'komwe.

Corinne anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu n'kuona kuti sangakwanitse. Anaimirira. Anapempha Bambo Novotny kuti achotse chitsulo pansalu. Kenaka anatenga nsalu ya pilo ija, n'kuipinda mosamala, ngodya ndi ngodya, kuti fumbi lakuda lisatayike ngakhale pang'ono. Tizidutswa tina tinali titagwera patebulo pafupi ndi payi. Anatitola ndi nsonga ya chala chonyowetsa, kamodzikamodzi, n'kutiika m'kati mwa nsalu. Anaika nsaluyo m'chikwama chake n'kutseka.

"Tenga ndi mbaleyo," ndinatero. "Ndi yako. Inali yako kuyambira kale."

Anaiyang'ana ili gone patebulo, yoyera, ndi kampheto kake kakuda.

"Ayi, Anti. Sungani. Muli mawu anu."

Anatsanzika Bambo Novotny mwaulemu. Pakhomo anaima, ndinaganiza kuti atembenuka, koma ankangofuna makiyi m'thumba. Ndinaima pazenera mpaka galimoto yake inakhota pa msewu waukulu. Payi sinadulidwe.

Bambo Novotny anapempha chithunzi chathu chimodzi, ndinampatsa. Akuti chili pakhoma tsopano, ine ndi Lavonne titavala madiresi ofanana, maikolofoni pakati pathu. Pansi pa zithunzi za oimba ena ochepa pali batani loti munthu adine amve. Pansi pa chathu palibe. Anandifunsa ngati ndingalole kuti aikepo kamawu kanga kaja, ndinakana.

Famu inagulitsidwa mu Juni. Ogula akuti phangalo alikwirira, ndi loopsa kwa ana. Ine ndili m'kachipinda ka nyumba ya okalamba ku Orland, moyang'anana ndi malo amene panali mlongoti wa wailesi. Khadi ya Corinne inabwera pa Khirisimasi, yolembedwa dzina lokha.

Chitsulo chija ndinabwera nacho. Ndinachikulunga m'pepala loyera, ndipo chili m'kabati, pashelefu yapamwamba, pamalo ouma, monga anandilangizira Bambo Novotny.